Kodi nambala ya foni ingaulule ngati munthu ali pa mapulogalamu a zibwenzi?

Pakati pa Amalawi okhala ku Johannesburg, funso limeneli limachokera kwa anthu amitundu iwiri. Ena apezana ndi munthu pa Tinder, Badoo kapena Facebook, wawapatsa nambala, ndipo akufuna kutsimikiza kuti ndi munthu weniweni asanapite kukakumana naye. Ena ali pabanja kapena pachibwenzi cha kutali, mwamuna ali ku Rosettenville pamene mkazi anatsala ku Mangochi, ndipo mmodzi wayamba kukayikira mnzake. Onsewa amakafika pa masamba a pa intaneti olonjeza kuti mukangolemba nambala, akuonetsani maakaunti onse achinsinsi a mwini wake. Lonjezo limeneli silikwaniritsidwa kawirikawiri, makamaka pa nambala zoyamba ndi +27 kapena +265, koma nambala ili ndi ntchito ina imene ingakuthandizeni ngati mudziwa pofufuzira.

Choyamba ndi kumvetsa mmene mapulogalamu a zibwenzi amasungira nambala. Badoo inayamba mu 2006, Tinder mu 2012, Bumble mu 2014, ndipo polembetsa onsewa amatha kupempha nambala kuti atumizeko uthenga wa manambala achinsinsi otsimikizira kuti foniyo ndi yanu. Ntchito ya nambalayo imathera pomwepo. Siioneka pa tsamba la munthu, ndipo palibe malo olembapo nambala kuti mufufuze wina. Mu 2021 Tinder inawonjezera njira yoti munthu asankhe anthu a m'foni mwake amene sakufuna kuti amuone, kotero kuti ngakhale mutatsegula akaunti yanu n'kumayang'ana nkhope usiku wonse, munthu amene anatchinga nambala yanu simudzakumana naye. Nayo Facebook inachotsa njira yofufuzira anthu ndi nambala ya foni mu April 2018, itaona kuti anthu achinyengo ankaigwiritsa ntchito potolera zinthu zokhudza anthu ambirimbiri.

Nanga masamba ofufuzira anthu aja amatenga kuti zimene amagulitsa? Spokeo, BeenVerified, TruthFinder ndi Social Catfish ndi makampani a ku America, ndipo amadalira zolembedwa za kumeneko: milandu ya m'makhothi, mayina a eni nyumba, ndi mindandanda yogulidwa kwa makampani otolera mayina ndi ma adiresi. Munthu wogwira ntchito ya m'munda ku Randburg, amene anagula simukhadi pafupi ndi Park Station, sapezeka m'mabuku amenewo. Komabe tsambalo lidzakuonetsani kamzere koyenda pang'onopang'ono ngati kuti likufufuza zenizeni, lidzakuuzani kuti lapeza zinthu zochititsa chidwi, kenako lidzapempha nambala ya khadi lanu la kubanki. Nthawi zambiri malipiro ake ndi a mwezi ndi mwezi, m'madola, mpaka mutadziletsa nokha. Mu 2023 bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linagwirizana ndi TruthFinder ndi Instant Checkmate kuti alipire madola 5.8 miliyoni, mwa zina chifukwa chosocheretsa anthu pa kulondola kwa malipoti awo. Ngati zinali choncho kwawo komwe, kumene zolembedwa n'zambiri, musayembekezere zoposa pamenepo kuno.

Nthawi zina tsamba lotere limaonetsadi kanthu, ndipo m'pofunika kudziwa gwero lake. Zambiri zimachokera ku zinthu zimene zinabedwa kale n'kumwazidwa pa intaneti, monga za anthu oposa 500 miliyoni a pa Facebook zimene zinatulukira mu 2021, kapena za tsamba la zibwenzi la Ashley Madison zimene zinabedwa mu 2015. Zimenezi zimangosonyeza kuti nthawi ina nambalayo inalumikizidwa ndi akaunti ina, osati kuti munthuyo akuigwiritsa ntchito lero. Ndiponso makampani a mafoni a Vodacom, MTN, Cell C ndi Telkom amapereka kwa makasitomala atsopano nambala zimene zakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, choncho mbiri imene mwagula ikhoza kukhala ya munthu wina amene simunamuonepo.

Ngati cholinga chanu ndi kutsimikiza munthu wachilendo, yambani ndi zaulere. Sungani nambalayo m'foni, mutsegule WhatsApp, muone chithunzi ndi dzina limene lili pamenepo, ndipo muyerekeze ndi zimene munthuyo anakuuzani. Kenako ilembeni pa Truecaller, pulogalamu ya ku Sweden imene imatenga mayina m'mafoni a anthu amene anailola kuwerenga mndandanda wa nambala zawo. Dzina lotuluka pamenepo ndi limene anthu ena anamusungira, osati la pa chiphaso, choncho mukhoza kuona dzina la ntchito yake, la kwawo kapena lachipongwe. Kusiyana pang'ono sikutanthauza kanthu, koma ngati amene akuti ndi namwino wamkazi akutuluka ndi dzina la mwamuna, kapena nambalayo yaikidwa chizindikiro chofiira choti anthu ambiri anaidandaula, imani kaye pomwepo. Pomaliza ilembeni pa Google kawiri, koyamba ndi 0 kutsogolo, kachiwiri ndi +27, chifukwa anthu ochenjeza anzawo m'magulu a pa Facebook amailemba mosiyanasiyana.

Chithunzi chimaulula zambiri kuposa nambala, ndipo apa ndi pamene muyenera kuthera nthawi yanu. Tengani zithunzi ziwiri kapena zitatu zimene munthuyo anakutumizirani, muziike pa Google Lens ndi pa TinEye, zimene zimafufuza kumene chithunzi chikupezekanso pa intaneti. Nkhopeyo ikapezeka pa akaunti ya munthu wa dzina lina, wa ku Accra kapena ku Atlanta, nkhani yatha. Ikapanda kupezeka, musafulumire kumasuka, popeza masiku ano kompyuta ikutha kupanga nkhope ya munthu amene sanabadwepo. Pemphani kuti mulankhulane pa vidiyo nthawi imene mwasankha inuyo, ndipo munthu amene kamera yake imakhala yowonongeka tsiku lililonse, kapena amene bandulo imamuthera mukangotchula za vidiyo, wakuyankhani kale. Kwa amene akuti ndi wakumudzi, ife tili ndi mayeso amene makampani a ku America alibe: mfunseni boma lake, mfumu yaikulu ya dera lake, tchalitchi kapena mzikiti umene ankapemphera, ndi amene akumudziwa kuno. Amalawi a ku Joni amadziwana kudzera m'mipingo, m'magulu othandizana pa maliro ndi mwa onyamula katundu wopita kumudzi, moti munthu wokhala kuno zaka zingapo amene palibe aliyense womudziwa ndi wofunika kusamala naye.

Ambiri amaganiza kuti popeza lamulo la ku South Africa la RICA limafuna kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso, ndiye kuti dzina la mwini nambala lingapezeke. Makampani a mafoni sapereka dzinalo kwa munthu wamba, amalipereka kwa apolisi potsata malamulo, ndipo m'misewu ya m'tauni mumagulitsidwa masimukhadi olembetsedwa kale m'mayina a anthu ena. Choncho musatumize ndalama kwa munthu amene simunamuonepo, kaya akuti watsekeredwa ku Beitbridge kaya akuti mayi ake agonekedwa m'chipatala. Pokumana koyamba sankhani malo a anthu ambiri, masana, mupiteko pa ulendo wokonza nokha, ndipo mutumizire m'bale wanu nambala ya munthuyo ndi malo amene muli pa WhatsApp. Apolisi a ku Gauteng anamangapo magulu a anthu okopa anzawo pa mapulogalamu a zibwenzi n'kuwatsekera m'nyumba pofuna dipo.

Kwa amene akukayikira mwamuna kapena mkazi wawo, mawu anga ndi ochepa. Kuyesa kulembetsa pa Tinder ndi nambala yake sikuulula kanthu, chifukwa uthenga wa manambala achinsinsi umapita pa foni yake, ndipo adziwa kuti wina akumulondalonda. Kulowa mu akaunti ya munthu popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Cybercrimes Act la 2020, kutchera mauthenga ake mobisa n'koletsedwa ndi RICA yomweyo, ndipo wotsatidwa mosalekeza akhoza kukapempha chikalata chomuteteza ku khothi la majisitireti pansi pa Protection from Harassment Act ya 2011. Anthu odzitcha akatswiri othyola mafoni, amene amalengeza ntchito yawo pa Facebook, amalandira ndalama n'kusowa, ndipo ena amabwereranso kudzakuopsezani kuti aulula zimene munawapempha. Nkhani ya banja ili ndi ankhoswe ake, amene angathe kulumikizana pa foni ngakhale wina ali ku Turffontein wina ku Mzimba.

Muyang'anenso nambala yanu, popeza zonsezi wina akhoza kukuchitirani inuyo. Pa WhatsApp sinthani kuti chithunzi chanu chizioneka kwa anthu okhawo amene munasunga nambala zawo, ndipo pa tsamba la Truecaller pali malo ochotsera nambala yanu pa mndandanda wawo. Lamulo la POPIA, limene makampani anayenera kuyamba kulitsatira kwathunthu pa 1 July 2021, limakupatsani ufulu wofunsa kampani zimene ikusunga zokhudza inu ndi kupempha kuti izikonze kapena izifufute, ndipo ikakana mukhoza kukadandaula ku ofesi ya Information Regulator. Ngati mukufuna kulowa pa mapulogalamu a zibwenzi, gulani simukhadi yachiwiri yolembetsedwa m'dzina lanu, kuti nambala imene mumagwiritsa ntchito kubanki ndi potumiza ndalama kumudzi isafike kwa munthu amene mwangodziwana naye.