Kuyeza alkalinity mu thanki ya makorali: makina kapena pamanja?

Sungani alkalinity (mphamvu ya madzi yolimbana ndi asidi, yochokera makamaka ku mchere wa carbonate) pakati pa 7 ndi 9 dKH (dKH ndi muyezo wa alkalinity). Chimene chimavulaza makorali (tizamoyo ta m'nyanja tomanga miyala) kwambiri ndi kukwera ndi kutsika kwadzidzidzi.

Poyeza pamanja ndi zida zoyezera za kampani ya Salifert, tungani madzi okwana 4 ml, thirani madontho opatsa mtundu, kenako donthetsani asidi pang'onopang'ono mukugwedeza mpaka mtundu usinthe. Muziyeza nthawi yofanana tsiku lililonse, chifukwa masana makorali amagwiritsa ntchito carbonate wambiri ndipo nambala imatsika.

Makina ngati Alkatronic amayeza okha kangapo patsiku, koma amadalira probe ya pH, kachipangizo koyeza kuchuluka kwa asidi m'madzi. Probe ikakalamba, kapena mpweya ukalowa m'timapaipi ta asidi, makinawo amapereka nambala zolakwika osakuchenjezani. Muziwongola probeyo ndi madzi a pH 4 ndi 7, ndipo sabata iliyonse yerekezani ndi zoyeza pamanja. Zikasiyana kuposa 0.5 dKH, musathire mankhwala osintha alkalinity musanapeze pomwe pali vuto.