Galimoto ikakugundani, musafulumire kunena kuti "ndili bwino"

Chitseko cha galimoto yoimikidwa m'mbali mwa msewu chinatseguka ndafika kale pafupi, ndipo ndinangozindikira ndili chagada pa tala, njinga ili uko. Mwini galimotoyo anatuluka akunjenjemera, nkundidzutsa. Atandifunsa ngati ndavulala, ndinati, "Ayi bambo, ndangosupuka pang'ono." Anandipatsa kandalama kokonzetsera wilo, tinagwirana chanza, iye nkumapita. Nambala ya galimoto sindinalembe, dzina sindinafunse. Usiku womwewo phewa linatupa moti malaya anakanika kuvuka, ndipo kutacha adokotala anandiuza kuti fupa la paphewa lathyoka. Ndinakhala milungu 7 osagwira ntchito, popanda woti ndimuloze chala.

Chimene sindinkadziwa nchakuti munthu akangochita ngozi, thupi limatulutsa m'magazi madzi ena otchedwa adrenaline amene amabisa ululu. Kuvulala kwa m'mutu kapena kwa m'kati kumatha kuonekera patapita maola. Ndiye yankho labwino nlakuti, "Sindikudziwa, ndikaonana ndi dokotala." Si mwano ayi, ndi choonadi.

Ngati khosi kapena msana ukupweteka, musalole kuti anthu akunyamuleni mwachisawawa, dikirani achipatala. Ngati mukutha kuyenda, chokani pamsewu, ndipo choyamba jambulani nambala ya galimotoyo pa foni. Kenako dzina la dalaivala, nambala yake ya foni, ndi kampani ya inshuwalansi yake. Jambulaninso pamene njinga yagwera, mikwasa ya matayala, zikwangwani zapamsewu, pamene galimoto yaphwanyika, ndi mabala anu. Inuyo mukalephera, pemphani wina achite.

Mboni ndiye musazitaye. Anthu amaunjikana pangozi, koma pakatha mphindi zochepa aliyense wabwerera ku zake, ndipo simudzawapezanso. Pemphani awiri okha amene aona ndi maso kuti akupatseni manambala awo. Mawa dalaivala akasintha mawu nkunena kuti munangotulukira, anthu awiriwo ndi amene adzakuimireni.

Kanenani kupolisi, ndipo kuchipatala pitani tsiku lomwelo. Muuzeni dokotala paliponse pamene pakupweteka, ngakhale pooneka pachabe, chifukwa zimene sizinalembedwe m'lipoti loyamba ainshuwalansi amadzati zinachokera kwina. Njinga musathamangire kukonzetsa, chipewa chosweka ndi zovala zong'ambika musataye. Malisiti onse a mankhwala ndi a mayendedwe sungani m'envulopu imodzi, ndipo muzilemba m'kope masiku amene mwajomba kuntchito ndi zimene mukulephera kuchita.

Nanga lamulo limayang'ana chiyani? M'maiko ambiri mlandu wotere umagona pa kusasamala. Muyenera kuonetsa kuti woyendetsayo anali ndi udindo wosamala za inu, kuti udindowo anaunyozera, kuti kunyozerako ndi kumene kunakuvulazani, ndiponso kuti pali chimene mwataya. M'maiko otsata malamulo ochokera ku England, ganizo limeneli linakhazikika ndi mlandu wa Donoghue ndi Stevenson mu 1932, pamene woweruza wina, Lord Atkin, ananena kuti munthu ayenera kusamala za aliyense amene zochita zake zingathe kumupweteka. Chipukuta misozi chimawerengera ndalama zakuchipatala, malipiro otayika, katundu wowonongeka, ululu, ndi kulumala ngati kulipo.

Ambiri amasiya mlandu poganiza kuti nawonso analakwako, mwina analibe nyali kapena anawoloka pamalo osayenera. Kulakwako nthawi zambiri kumangochepetsa chipukuta misozi, sikuthetsa mlandu. Maiko ena anafika patali poteteza anthu opanda chitsulo chowatchinga. Ku Netherlands, galimoto ikagunda wapanjinga kapena woyenda pansi, kawirikawiri mbali ya galimoto imalipira osachepera theka ngakhale wovulalayo atalakwa, ndipo ana osakwana zaka 14 amatetezedwa koposa pamenepo. Ku France kuli lamulo la 1985 la mzimu womwewo. Ine ndimaona kuti chilungamo ndi chimenechi, chifukwa woyendetsa chinthu cholemera ndi amene wanyamula imfa ya mnzake m'manja.

Pali zinthu ziwiri zimene zimagwetsa anthu. China ndi nthawi. Dziko lililonse lili ndi malire a nthawi yokasumira, monga ku England kumene amapereka zaka 3 pa milandu ya kuvulala, ndipo kwina ndi zocheperapo. Funsani loya kapena ofesi yothandiza anthu pa zamalamulo mabala asanapole. China ndi kusaina. Ainshuwalansi kapena dalaivala akabwera ndi ndalama ndi kapepala konena kuti nkhani yathera pomwepa, musasaine dokotala asananene mmene mudzachirire. Mukasaina, bondo nkudzayamba kuvuta patapita miyezi 6, khomo latsekeka kale. Loyanso mugwirizane naye za malipiro ake molemba, ntchito isanayambe.

Koma chipukuta misozi sichibwezera fupa mmene linalili, nchifukwa chake kayendedwe kanga kanasintha. Lipoti la 2023 la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamisewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka ndi oyenda pansi, apanjinga ndi apanjinga zamoto. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 14 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti dalaivala asanaponde nkomwe mabuleki, wayenda kale mtunda wonsewo.

Masiku ano ndimasiya mpata wa mita imodzi pakati pa ine ndi magalimoto oimikidwa, ngakhale a kumbuyo aziliza hutala. Lole kapena basi ikafika pokhota, sindilowa m'mbali mwake. Dalaivala sandiona pamenepo, komanso matayala akumbuyo amadula ngodya nkupsinja chilichonse chili m'mphepete. Ngati simukumuona pagalasi lake, iyenso sakukuonani. Usiku nyali yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo, ndi chovala chonyezimira. Wapanjinga aziyenda mbali imene magalimoto akulowera, koma woyenda pansi, pamene palibe njira yakeyake, aziyenda moyang'anizana nawo kuti aziona chimene chikubwera. Powoloka, ngakhale pamalo owolokera, dikirani mpaka maso anu akumane ndi a dalaivala ndipo liwiro latsikadi. Mukatsika basi musawolokere kutsogolo kwake, chifukwa wopitirira basiyo sakukuonani.

Inunso okwera galimoto, potsegula chitseko gwiritsani ntchito dzanja limene lili kutali ndi chitsekocho, monga amachitira ambiri ku Netherlands. Thupi limatembenuka lokha ndipo mumaona amene akubwera kumbuyo. Bambo aja akanatero, ine ndikanangodutsa osadziwana nawo nkomwe.