Dzimbiri la m'thupi: chitanipo kanthu shuga asanakhazikike

Mayi wina wogwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg anandionetsa kapepala ka ku kiliniki. Atawayeza m'mawa asanadye, shuga anapezeka pa 6.4. Anamwino anawauza kuti matenda a shuga alibe, koma ali pakhomo. Funso lawo kwa ine linali lakuti: "Ndigule mapilisi ati otsuka magazi?"

Amayi ndi abambo anzanga a kuno ku Johannesburg, funso limeneli ndimalimva kawirikawiri, choncho tiyeni tikambirane.

Shuga wa munthu wosadya usiku wonse akafika 7.0 kapena kuposa, amatchedwa matenda a shuga. Akakhala pakati pa 6.1 ndi 6.9, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthuyo ali pachiopsezo. Madokotala ena amayambira pa 5.6. Pamenepa munthu samva kupweteka kulikonse, komatu m'kati zinthu zayamba kale kuonongeka.

Mukudziwa mmene dzimbiri limadyera malata. Thupi likamaotcha chakudya kuti tipeze mphamvu, pamatsala tizinthu tolusa totchedwa free radicals, timene timakanda mitsempha ya magazi ndi maselo. Thupi lili ndi alonda akeake, ma enzyme atatu. Superoxide dismutase amagwira kanthu kolusako n'kukasandutsa hydrogen peroxide. Kenako catalase ndi glutathione peroxidase amasandutsa peroxide uja kukhala madzi. Ngati munathirapo peroxide pachilonda n'kuona thovu, ameneyo anali catalase ali pantchito.

Vuto limabwera mafuta akaunjikana pamimba ndipo shuga akamakhala wokwera m'magazi. Tizinthu tolusa timachuluka kuposa alonda, ndipo zimenezi ndi zomwe madokotala amati oxidative stress. Insulini, amene ntchito yake ndi kutsitsa shuga m'magazi, amasiya kumveka bwino m'thupi. Chomvetsa chisoni n'chakuti maselo a kapamba amene amapanga insuliniyo ali ndi alonda ochepa mwachibadwa, ndiye amafooka msanga.

Yambani ndi tepi ya atelala. Yezani mimba molunjika cha pamchombo mutatulutsa mpweya. Mayi akapitirira masentimita 80, bambo 94, ndi nthawi yokayezetsa shuga. Mimba yaikulu kwathu timaitcha chizindikiro cha kupeza bwino, ndipo wochokera ku Joni akafika kumudzi wonenepa amamuyamikira. Ine zimandidetsa nkhawa.

Alondawa sagulidwa m'botolo. Thupi limawapanga lokha, ndipo limawachulukitsa minofu ikamagwira ntchito. Kafukufuku wa Diabetes Prevention Program wa ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anapempha anthu a pachiopsezo kuti achepetse thupi ndi 7 peresenti komanso aziyenda mphindi 150 pa sabata. Chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti. Munthu wa makilogalamu 90 akungofunika kutaya 6 ndi pang'ono basi. Tsikani m'takisi patsala kamtunda, muyende mwandawala mphindi 30, masiku asanu pa sabata. Inu ogwira ntchito ya ulonda usiku, musathe shifiti yonse muli pampando.

Ma enzyme amafunanso zomangira. Glutathione peroxidase sagwira ntchito popanda mchere wina wa m'zakudya wotchedwa selenium, ndipo nthaka ya m'madera ambiri ku Malawi ili ndi selenium wochepa. Amapezeka mu nsomba ndi mazira. Usipa umene umabwera pa basi usamangokhala wa tsiku losowa ndiwo. Zinc ndi copper mumazipeza mu nyemba, khobwe ndi mtedza. Bonongwe kuno amagulitsa ndi dzina la morogo. Muzimugula, muthire nsinjiro, ndipo musamuphike mpaka kuda.

Nsima sindikuletsani, koma chepetsani mitanda, masamba achuluke m'mbale. Chimene ndikukupemphani kusiya ndi botolo lalikulu la zozizilitsa kukhosi patebulo tsiku lililonse. Boma la South Africa linaika msonkho pa zakumwa za shuga mu 2018 pa chifukwa chomwechi. Kota, magwinya ndi tchipisi zokazingidwa m'mafuta obwerezabwereza mpaka kuda zizikhala za apo ndi apo. Fodya naye amathira tizinthu tolusa m'magazi mwachindunji.

Za mapilisi zija, mayi aja ndinawauza kuti ndalama yawo agulire ndiwo. Mavitamini a m'mabotolo olimbana ndi tizinthu tolusa sanaonetse kuti amaletsa shuga, ndipo mapilisi a beta carotene anapezeka kuti amaonjezera khansa ya m'mapapo mwa osuta. Ngati adokotala akulemberani mankhwala otsitsa shuga otchedwa metformin, imwani monga akuuzirani. Kapepala ka zotsatira kasungeni m'chikwama, ndipo chaka chisanathe bwererani nako ku kiliniki akakuyezeninso.