Kuyeza mmene tizidutswa ta pulasitiki timakhudzira kuundana kwa magazi mu labu

Amene mukukonza kafukufuku wa PhD pa mutu umenewu kuno ku Lilongwe, dziwani kuti chilichonse chimene magazi akhudza chimasintha zimene mukuyeza. Chubu cha pulasitiki chimatha kuwonjezera pulasitiki amene simunaikemo inu. Chubu cha galasi wamba chimadzutsa factor XII, imodzi mwa mapuloteni oundanitsa magazi, magazi n'kuyamba kuundana okha. Muyenera kukonzekera mavuto awiriwa musanabaye munthu ndi mmodzi yemwe.

Mu 2022 gulu la Heather Leslie ku Amsterdam linapeza pulasitiki m'magazi a anthu 17 mwa 22. Mu 2024 Raffaele Marfella ndi anzake ku Italy anaonetsa kuti mwa odwala 257 amene anachotsedwa mafuta otseka mitsempha ya m'khosi, 150 anali ndi pulasitiki wa mtundu wa polyethylene m'mafutamo, ndipo ngozi yawo ya sitiroko, matenda a mtima kapena imfa inali yoposa kanayi poyerekeza ndi amene analibe pulasitiki m'mafutamo. Izi zikutiuza kuti pulasitiki ndi matendawa zapezeka pamodzi. Kuonetsa mmene china chimayambitsira chinzake ndiyo ntchito yanu.

Chilolezo cha NHSRC kapena COMREC, makomiti ovomereza kafukufuku wa zaumoyo m'Malawi, chipezeke kaye, pamodzi ndi fomu yovomereza ya m'Chichewa.

Opereka magazi akhale akuluakulu athanzi, osamwa aspirin, ibuprofen kapena diclofenac kwa masiku 10. Musangofunsa ngati munthu wamwa aspirin. Mufunseni chimene anagula pa golosale mutu utamuwawa, chifukwa mankhwala ena a mutu muli aspirin iye osadziwa. Aliyense ayezedwe malungo ndi full blood count (kuwerenga maselo a m'magazi) tsiku lomwelo, makamaka nyengo ya dzinja: malungo amatsitsa mapulateleti, timaselo tothandiza magazi kuundana, ngakhale munthu akuyenda bwinobwino.

Tengani magazi ndi singano ya 21G, lamba wa pamkono asapitirire mphindi imodzi. Mamililita awiri oyamba tayani. Otsatirawo alowe m'chubu cha chotsekera cha buluu, cha citrate wa 3.2% (mankhwala oletsa magazi kuundana m'chubu), ndipo chidzaze mpaka pamzere kuti magawo 9 a magazi akumane ndi gawo limodzi la citrate. Chikapanda kudzaza, citrate amachuluka, nthawi ya kuundana imatalika, inu n'kumaganiza kuti ndi pulasitiki. Tembenuzani chubucho katatu kapena kanayi pang'onopang'ono, osakhutchumula.

Mukafuna plasma (madzi a m'magazi) ya mapulateleti ambiri, pukusani magaziwo mu centrifuge pa mphamvu ya 200 g kwa mphindi 10 popanda buleki, kenaka ipume mphindi 30. Ya PT ndi aPTT, mayeso a nthawi imene plasma imatenga kuti iundane, pukusani pa 1500 g kwa mphindi 15. Zonse zithe maola anayi asanakwane. Mapulateleti salowa mu firiji, kuzizira kumawadzutsa; akhale pa madigiri 20 mpaka 25. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala chipinda chopanda choziziritsira chimapitirira pamenepa masana, choncho yambani m'mamawa. Plasma youmitsa pa -20 imakhala milungu iwiri yokha. Magetsi akazima n'kusungunuka, itayeni, chifukwa factor V ndi factor VIII zimakhala zawonongeka.

Pa nkhani ya machubu, gawani ntchito pawiri. Poyeza kuundana gwiritsani ntchito machubu a polypropylene a gulu limodzi pa masampulo onse, kuti chilichonse chochokera m'chubu chikhale chofanana paliponse. Poyeza kuchuluka kwa pulasitiki amene ali kale m'magazi, pamenepo ndiye galasi, singano yachitsulo, gauni ya thonje, ndi chubu cha madzi osefedwa chodutsa njira yonse limodzi ndi magazi. Sampulo imodzi isagwire ntchito ziwirizi.

Apa pali msampha umene umagwira ambiri. Timikanda ta pulasitiki wa polystyrene togula, timene mudzathire m'magazi poyesa, timabwera m'madzi amene kawirikawiri muli sodium azide ndi Tween 20, ndipo mankhwala amenewa amakhudza maselo paokha. Titsukeni katatu m'madzi a mchere osefedwa. Madzi otsukira omaliza musataye: aikeni m'magazi paokha ngati poyerekezera. Akasintha kuundana, vuto si pulasitiki. Timikandato timagwiranagwirana tikakhala, ndiye tiikeni mu sonicator, makina otilekanitsa ndi mafunde a phokoso, mphindi zisanu musanatithire. Lembani kukula kwake komanso ngati kunja kwake kuli amine kapena carboxyl, pakuti timikanda tofanana kukula timachita zosiyana ndi mapuloteni a m'magazi malinga ndi kunja kwakeko.

Mulingo wake musaukweze chabe kuti muone kanthu. Gulu la ku Amsterdam lija linapeza pafupifupi mamaikirogalamu 1.6 pa mililita. Yesani 1, 10 ndi 100, kuti umodzi ukhale pafupi ndi zimene zimapezeka m'thupi la munthu. Madzi amene mukuthira asapose gawo limodzi mwa magawo 20 a plasma, ndipo chubu choyerekezera chilandire madzi a mchere ochuluka chimodzimodzi. Zonse zifunde pa madigiri 37 kwa nthawi yofanana.

Funsani akatswiri a mu labu mmene makina awo amaonera kuundana. Makina ambiri amayeza kuwala kodutsa mu plasma, ndipo timikanda tikachuluka plasma imaoneka mbuu, makinawo n'kusokonezeka. Makina a kampira kachitsulo ndiwo abwino pa ntchito imeneyi. PT ya munthu wathanzi imakhala cha m'masekondi 11 mpaka 14, aPTT 25 mpaka 35. Mayeso awiriwa anapangidwa kuti azipeza magazi ochedwa kuundana, choncho akapanda kusintha musafulumire kunena kuti palibe kanthu. Wonjezerani mayeso a mapulateleti, ndipo onani ulusi wa fibrin, umene umamanga magazi oundana, pa maikulosikopu.

Powerengera, munthu mmodzi ndi mmodzi basi, ngakhale mwamuyeza machubu khumi.

Timikanda tozungulira togula sitifanana ndi zimene zimayoyoka ku majumbo ndi mabotolo a mumtsinje wa Lilongwe. Ngati mukufuna kuyesa pulasitiki wa kwathu konkuno, ndipo tikukulimbikitsani kutero, mutsukeni, mupereni ali wozizira kwambiri, musefeni kuti mudziwe kukula kwake, mutsimikize mtundu wake ndi FTIR, makina ozindikira mtundu wa pulasitiki pogwiritsa ntchito kuwala kwa infrared. Muyezeninso endotoxin, poizoni wochokera ku mabakiteriya, chifukwa zotsalira za mabakiteriya pa jumbo lotola panja zimadzutsa maselo oyera a m'magazi ndi kufulumizitsa kuundana pazokha.