Aphunzitsi atsopano, chitani izi kuti ana azikukhulupirirani

Ndikulembera inu amene mwangochoka kumene ku koleji, kaya ku St Joseph's ku Bembeke kaya kwina, ndipo mwapatsidwa kalasi kuno ku Dedza. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi athu ndi odzaza, moti mwana amatha chaka chonse mphunzitsi akumutchula kuti "iwe wakumbuyo". Yambirani pomwepo. Tengani rejisitala, muziloweza mzere umodzi tsiku lililonse, ndipo funsaninso mfunda. Mtsikana wa Sitandade 7 mukamuitana kuti Nangozo kapena Naphiri amawongola msana, chifukwa mwamupatsa ulemu umene amayi ake amalandira kumudzi.

Nkhani yochedwa ndiyo imatidanitsa kwambiri ndi ana. M'miyezi ya Juni ndi Julaye chisanu cha kuno mukuchidziwa. Mwana wafika mochedwa, alibe juzi, milomo yauma, mwina anayamba wakatunga madzi kapena wasenza mbatatesi kupita nayo kumsewu. Musamugwaditse pa asembule. Mulowetseni aphunzire, pa buleki mumuitanire pambali n'kufunsa modekha kuti, "Kunyumba kuli bwanji?" Tsiku loyamba angoyang'ana pansi. Musakakamize, mudzafunsenso. Kumenya n'koletsedwa m'sukulu, ndipo ine ndimakananso zokumbitsa mwana dzenje anzake akuphunzira, chifukwa wachedwa kale, inu mukumulandanso phunziro lotsala. Chilango chikafunika, chikhale chopepuka, akaweruka, ndipo mumuuze chifukwa chake.

Wina akalakwitsa yankho, musalole kalasi imuseke. Nenani kuti, "Wayesetsa, ndani amuthandize?" Chingerezi chikamukanika, anene kaye m'Chichewa, kenako mumasulire limodzi. Mukalonjeza kuchonga makope Lachisanu, chongani, ana saiwala. Mnyamata wobwera kuchokera kudambwe musamufunse za kumeneko kapena kumunyoza. Ngati wajomba nthawi yaitali, kakambiraneni ndi makolo ndi amfumu.

Tsono za chinsinsi, apa mpofunika kusamala kwambiri. Mtsikana akadetsa yunifolomu chifukwa cha msambo, mubwerekeni chitenje mwakachetechete ndipo mumulumikize ndi amayi a mother group, gulu la amayi akumudzi lothandiza atsikana pasukulu. Wobwerera kusukulu atabereka, monga ndondomeko ya boma imalolera kuyambira 1993, asasanduke chitsanzo chochenjezera anzake m'kalasi. Zimene mwana wakuuzani zisakamveke ku stafu rumu anthu akumwa tiyi. Abambo aphunzitsi, musatume atsikana kukatunga madzi kapena kukasesa kunyumba kwanu. Muzilankhula nawo pansi pa mtengo, pamene anthu akukuonani koma sakumva.

Koma mwana akaulula kuti wina akumuchita nkhanza, musamulonjeze kuti mukhala chete. Muuzeni chilungamo kuti, "Izi ndiyenera kuwauza ahedi kuti utetezeke, ndipo tipita limodzi." Mulembereninso nambala ya 116, yothandiza ana amene akuchitiridwa nkhanza, kuseri kwa kope lake, n'kumuuza kuti ndi yaulere ndipo atha kuyimba pa foni ya aliyense amene amamudalira.