Momwe mungagulire inshuwalansi ya third party osapusitsidwa ndi madobadoba

Ambirife inshuwalansi timaikumbukira tikaona a trafiki ayala makoni kutsogolo, apo ndiye maso amathamangira pa galasi kukaona ngati kadisiki kaja sikanathe ntchito. Inenso ndinali choncho kwa zaka zingapo, ndimangoti bola kakhalepo wapolisi asandilembe chindapusa. Koma kapepala kameneka ntchito yake yeniyeni simaiona pa rodibuloko, mumaiona tsiku lomwe mwagunda galimoto ya eni ake kapena mwapweteka mwana wa eni ake, ndipo tsiku limenelo likakupezani muli ndi disiki yabodza ndi pomwe mumadziwa kuti dziko ndi lozungulira.

Lamulo la pamsewu la Road Traffic Act limati galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshuwalansi ya third party, imeneyi ndiye yotsikitsitsa yomwe simungaizembe, kaya ndi lole, minibasi, ka Vitz kapena njinga yamoto ya kabaza. Third party amatanthauza munthu wachitatu, woyamba ndi inu, wachiwiri ndi kampani ya inshuwalansi, wachitatu ndi uja mwamuphula ngoziyo. Ndiye kampani imalipira iyeyo akavulala, imalipira abale ake akamwalira, komanso imalipira katundu wake mukamuwononga, kaya ndi galimoto, mpanda wa njerwa kapena kawokala ka m'mbali mwa msewu. Galimoto yanu njosawerengedwa apa, mukakonza nokha, ndipo inuyo woyendetsa mukavulala musayembekezere kanthu kuchokera ku third party. Ofuna kuti galimoto yawo idzakonzedwenso amatenga comprehensive, yomwe mtengo wake umatsatira mtengo wa galimotoyo ndiye imaluma ndithu. Pakati pa ziwirizi pali ina yomwe imalipiranso galimoto yanu ikapsa ndi moto kapena ikabedwa koma sindinaigulepo.

Choyamba sonkhanitsani mapepala. Blue book (buku la umwini wa galimoto), laisensi yanu, chiphaso cha unzika, ndipo COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ikhale yamoyo. Chomwe ndingatsindike apa ndi dzina la pa blue book. Anthu ambiri timagula galimoto kwa mnzathu nkumayenda nayo chaka chonse ili m'dzina la mwini wake wakale, ndi disiki yake yomwe ija, poganiza kuti inshuwalansi imatsatira galimoto. Mgwirizano uja kampani inapanga ndi munthu, osati ndi chitsulo, ndiye mukagula galimoto pitani ku Road Traffic mukasinthe umwini kenako mugule inshuwalansi m'dzina lanu. Manambala a chassis ndi injini muwaone ndi maso anu ngati akufanana ndi a pa buku, makamaka ngati makaniko anasinthapo injini.

Chachiwiri, sankhani kokagula, ndipo apa ndi pomwe ine ndinagwa ndiye mundilole ndichedwepo.

Makampani alipo ndithu ovomerezeka, NICO General, General Alliance, Britam, Reunion, United General ndi ena, ndipo onsewa amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Ma broker ndi ma ejenti, omwe ndi amkhalapakati ogulitsa inshuwalansi, nawonso amayenera kukhala ndi chiphaso. Mutha kupita ku ofesi ya kampani nokha kapena kudzera kwa ejenti wovomerezeka, zonsezi nzabwino. Vuto ndi gulu lina lija la anyamata ovala bwino omwe amakuchingamirani musanazimitse nkomwe injini, madobadoba.

Chaka chimenecho disiki yanga inatha ndili pa mpanipani, ndalama ya fizi ya ana inali itangotuluka kumene. Ndili pamalo ena pomwe eni magalimoto timakonda kusonkhana pokonzetsa mapepala, anabwera mnyamata wina, malaya oyera opisira, envulopu ya khaki kukhwapa, nkundiuza kuti "Bwana musavutike ndi mizere, ndipatseni blue book ndijambule, inu khalani phee m'galimoto momwemo, mphindi makumi atatu ndabwera nayo." Mtengo womwe ananditchulira unali wotsikirapo kuposa womwe ndinamva ku ofesi, anati iye ali ndi munthu wake mkati amene amamuchotsera. Ndalama ndinatumiza pa foni, pa nambala ya dzina lake. Anabweradi ndi disiki, yooneka bwinobwino, chizindikiro cha kampani chilipo, nambala ya galimoto yanga ilipo, masiku ake ali bwino. Nditafunsa lisiti anati makina osindikizira avuta anditumizira pa WhatsApp madzulo. Madzulo anakwana, mawa linakwana, ine nkuiwala, poti disiki inali itamatidwa kale pa galasi ndipo pa marodibuloko ndimadutsa bwinobwino, wapolisi amangosuzumira nkundikodola kuti pitani.

Patatha miyezi inayi, nthawi ya dzinja, mvula ikugwa ya mkokomo chakumadzulo anthu akuweruka, galimoto yakutsogolo kwanga inaima mwadzidzidzi pa raundabauti ine nkuponda buleki koma matayala anangotsetsereka, phwaa kumbuyo kwake. Inali double cab yatsopano ndithu. Bampala inapindika, nyali yakumbuyo inasweka magalasi ake ofiira ali mbwee pa tala, chitseko chakumbuyo chija sichimatsekekanso. Mwamwayi panalibe wovulala. Mwini wake anali bambo wachikulire wodekha, anatuluka ndi ambulera nkuzungulira galimoto yake kawiri osayankhula, kenako anangoti, "Achimwene, muli ndi inshuwalansi?" Ine molimba mtima ndinaloza pa galasi.

Mawa lake ndinapita ku ofesi ya kampani yomwe dzina lake linali pa disikiyo, nditanyamula zonse. Mayi wa pa desiki analemba nambala mu kompyuta, nkuyang'ana disiki, nkulembanso kachiwiri. Kenako anatembenuza nkhope nati, "Bambo, mwaigula kuti iyi? Nambala imeneyi kwathu kuno ili pa galimoto ina, ndipo dzina lanu mulibemo m'mabuku mwathu." Miyendo inazizira. Anandifunsa lisiti, ndinalibe. Anandifunsa pepala la polise, lomwe ndi mgwirizano wa inshuwalansiyo, sindimadziwa nkomwe kuti pamakhala pepala lina kupatula disiki. Nambala ya mnyamata uja ndinaimba pompo, inali yosapezeka, ndipo mpaka lero sinapezekepo. Kampaniyo inalibe mlandu uliwonse, sinalandire tambala yanga ngakhale imodzi. Galimoto ya bambo aja ndinakonzetsa ndi ndalama ya m'thumba mwanga, mayi a kunyumba anakatenga ngongole ku banki m'khonde, ine ndinagulitsa matumba a chimanga omwe tinasungira chakudya cha chaka, ndipo zinatitengera miyezi yambiri kuti tipume. Usiku ndinkangoganiza kuti chikhala kuti pamalo pa bampala ija panali mayi wobereka mwana akuwoloka msewu, ndikanayambira pati.

Ndiye njira yake ndi iyi. Ndalama muzilipira ku akaunti ya kampani, kaya ku banki, kaya pa kauntala pawo, kaya pa Airtel Money kapena Mpamba koma pa nambala ya bizinesi yomwe ikuonetsa dzina la kampani kapena la broker musanatsindike. Ikaonetsa dzina la munthu, bwererani. Lisiti mutenge pompo osati mawa. Ngati mwadzera kwa ejenti, musanamate disiki imbani ku likulu la kampaniyo, nambala yake muipeze nokha pa tsamba lawo la pa intaneti kapena pa chikwangwani cha ofesi osati yomwe wakupatsani ejentiyo, muwawerengere nambala ya disiki ndi ya galimoto akuuzeni ngati zili m'dzina lanu. Mayunitsi a mphindi ziwiri basi. Ejenti wachilungamo sakwiya mukatero, amene ndimagula naye panopa amachita kundiuza yekha kuti imbani mutsimikize.

Za mitengo, funsani malo atatu, imasiyana koma osati kwambiri, ndiye wina akakutchulirani theka la mtengo womwe ena onse akunena dziwani kuti pali chinachake. Ena amalola kugula ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, zimathandiza pomwe thumba lapyapyala koma mukawonkhetsa pachaka mumapeza kuti mwalipira zambiri, komanso ndi momwe anthu amaiwalira kuti yatha.

Chachitatu, nenani zoona za ntchito ya galimotoyo. Pa fomu amafunsa ngati ndi yoyendera nokha kapena ya bizinesi. Masiku ano ma Sienta ali ponseponse akunyamula anthu, ndipo ena amalembetsa ngati galimoto ya pakhomo kuti alipire zochepa pomwe tsiku lonse ikutola mapasenjala olipira. Ikadzachita ngozi anthu asanu ndi awiri atavulala, kampani idzafunsa kuti anthuwa anakwera bwanji, ndipo lipoti la apolisi lidzanena. Ngati ndi ya hayala lembetsani kuti ndi ya hayala, mukhale ndi mapepala onse a galimoto yonyamula anthu, ndipo mufunse mwachindunji kuti mapasenjala angati akutetezedwa. Ngakhale ya pakhomo funsani ngati okwera nawo ali momwemo, osangoganizira. Funsaninso kuti ololedwa kuyendetsa ndi ndani, poti mapolise ena amatchula maina kapena zaka za woyendetsa, ndiye mukabwereka mphwanu amene wangotenga kumene laisensi mutha kudzadabwa.

Chachinayi ndi chomwe anthu ambiri sachiwerenga nkomwe, malire a ndalama. Kampani siilipira chilichonse chomwe mwawononga mopanda polekezera ayi, pa pepala la polise pamalembedwa kuti pa kuvulala kapena imfa tidzalipira mpaka apa, pa katundu mpaka apa. Zopitirira pamenepo ndi zanu. M'milandu yambiri ya ngozi ku High Court mwakhala mukumveka malire a K5 miliyoni, ndipo khoti likagamula chipukuta misozi choposa apo, chotsalacho wovulala amatsata mwini galimoto ndi dalaivala. Tsono taganizani, kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, nkudzagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, masipeyala onse amachokera kunja, nyali imodzi ya galimoto za masiku ano mtengo wake mutha kugulira mbuzi zingapo. Malire omwe ankaoneka okwanira zaka zisanu zapitazo lero mwina angokwana bampala ndi penti. Ine chiyambire nkhani ija ndimapempha kuti andionetse nambala ziwirizi ndisanalipire, kenako ndimafunsa kuti kukweza malire a katundu ndi ndalama zingati. Nthawi zonse yowonjezerayo yakhala yochepa kusiyana ndi momwe ndimaopera, ndipo kwa munthu woyenda m'tauni tsiku ndi tsiku pakati pa ma Prado ndi ma Fortuner ndikuona kuti ndi yoyenera kulipira. Funsaninso za excess, kandalama komwe mumayamba mwalipira inu kampani isanaike yake.

Mukalandira disiki onani ngati nambala ya galimoto ndi masiku zalembedwa molondola, imateni pa galasi lakutsogolo, lisiti ndi polise muzijambule pa foni nkusunga zenizenizo kunyumba. Tsiku lothera muliike pa kalenda ya foni kutatsala sabata ziwiri.

Ngozi ikachitika imani, thandizani ovulala afike kuchipatala, jambulani zithunzi magalimoto asanasunthidwe, tengani nambala ya galimoto inayo ndi foni ya mwini wake ndi za mboni ngati zilipo. Kanenani ku polisi pasanathe maola 24 ndipo mudzatenge lipoti, popanda limeneli kampani siyamba nkomwe kukumverani. Kampani muidziwitse msanga tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo musasainire pepala lililonse lovomera mlandu kapena kulonjeza ndalama pamsewu pomwepo, zimenezo asiyireni iwo. Kalata ya loya ikabwera ipititseni ku kampani osaiyankha nokha. Ngati munaledzera kapena laisensi inali yakutha, konzekani, kampani itha kukana kapena kulipira wovulalayo kenako nkudzakulondolani inu kuti mubweze.

Opita kunja, disiki yathuyi imathera pa chipata. Ku Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania gulani COMESA Yellow Card, third party yoyendera m'maiko amenewa, ku kampani yanu yomweyo musananyamuke. Mozambique simo mu dongosolo limeneli, ndiye odzera ku Mwanza kapena ku Dedza kupita ku Tete mumagula third party yawo pa boda pomwepo, ndipo kumenekonso lowani mu ofesi nokha mukalandire lisiti, anyamata a maenvulopu a khaki aliko ambiri.