Kaikidwe ka masipika apamwamba m'chipinda chomvetseramo nyimbo

Munthu amene wagula masipika okwera mtengo pamodzi ndi ampulifaya yamphamvu amayembekeza kuti akangolumikiza mawaya, nyimbo ziyamba kumveka mokoma nthawi yomweyo, ndipo zikapanda kutero amayamba kukayikira zidazo. Kawirikawiri vuto limakhala chipinda. Gawo lalikulu la mawu amene amafika m'makutu limakhala litayamba lagunda makoma, denga ndi pansi, motero musanawononge ndalama zina ndi bwino kuyamba ndi ntchito yofuna tepi yoyezera ndi kudekha basi, yomwe ndi kusuntha masipika ndi mpando mpaka chilichonse chitapeza malo ake.

Mutu wanu ndi masipika awiriwo zitalikirane mofanana. Ngati pakati pa masipika pali mamita 2.2, kuchokera pa sipika iliyonse kufika pamutu panu pakhalenso mamita 2.2 kapena kupitirira pang'ono, ndipo muyeze ndithu ndi tepi, chifukwa kusiyana kwa masentimita ochepa kumakokera mawu a woyimba mbali imodzi. Tweeter, kasipika kakang'ono kotulutsa mawu akuthwa, ilingane ndi makutu anu mukakhala pampando. Onaninso kuti waya wofiira walowa pofiira mbali zonse ziwiri, ku ampulifaya ndi ku sipika, pakuti waya wa mbali imodzi ukatembenuzidwa besi imafooka ndipo mawu a woyimba amamwazikana osadziwika komwe akuchokera. Mukatero seweretsani nyimbo ya munthu mmodzi woyimba pakati, n'kumapotoza masipika pang'onopang'ono kuti ayang'ane kwa inu, kufikira mawuwo ataima malo amodzi pakati pa masipika.

Besi ndiyo imavuta kwambiri, ndipo chifukwa chake chingathe kuwerengedwa. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi imodzi, ndipo akamagunda makoma awiri oyang'anana amabwererana n'kumakumana. Mukagawa 343 ndi kutalika kwa chipinda kuwirikiza kawiri mumapeza mawu amene chipindacho chimawakokomeza. M'chipinda cha mamita 5 m'litali yankho ndi 34 Hz (Hz ndi muyezo wa kangati mawu amanjenjemera pa sekondi, ndipo nambala yaing'ono ndi mawu a besi), kenako 69 Hz ndi 103 Hz, ndipo m'lifupi ndi msinkhu wa chipinda nazonso zili ndi manambala akeake. Pafupi ndi khoma mawu amenewa amachuluka mpaka kulindima, pamene pakatikati penipeni pa chipinda a 34 Hz aja amatsala pang'ono kusowa. N'chifukwa chake mpando sukuyenera kutsamira khoma lakumbuyo kapena kukhala pakati penipeni. Akatswiri ambiri amalangiza kuyambira pamalo a 38 peresenti ya kutalika kwa chipinda kuchokera ku khoma lakutsogolo, lomwe lili kumbuyo kwa masipika, koma amenewa ndi malo oyambira chabe, ndipo makutu anu ndiwo adzagamule. Chipinda chofanana m'litali ndi m'lifupi ndicho chovuta koposa, chifukwa mavuto a mbali ziwirizo amagwera pa mawu amodzimodzi.

Mtunda wa pakati pa sipika ndi khoma lakumbuyo kwake nawonso uli ndi masamu ake. Kutsogolo kwa sipika kukatalikira khomalo ndi mita imodzi, mawu obwerera amalimbana ndi otuluka ndipo amafooketsa besi ya pafupi ndi 86 Hz. Mukaiyandikizitsa ku khoma besi imakula, makamaka ngati sipikayo ili ndi bowo lotulutsira mpweya kumbuyo, ndipo pakona ndiye imachita kunyanya. Sunthani masentimita 5 nthawi iliyonse, masipika onse awiri mofanana, mvetserani kachigawo komweko ka nyimbo yokhala ndi gitala ya besi yokwera ndi kutsika, ndipo mumate katepi pansi pamalo aliwonse omwe mwayesa. Malo abwino ndi pamene mawu onse a gitalayo akumveka ndi mphamvu yofanana, popanda ena olumpha ndi ena omira. Anthu ambiri amasankha malo a besi yochuluka, koma besi yotero imatopetsa ola lisanathe.

Pofuna kupeza malo amene mawu amayamba kugunda asanafike kwa inu, khalani pampando ndipo mnzanu ayendetse kagalasi kodziyang'anira m'mbali mwa khoma, molingana ndi makutu anu. Paliponse pomwe mukuona tweeter m'galasimo, pamenepo ndiye poyenera kuikapo chomwa mawu. Mabolodi a rock wool kapena fibreglass, zinthu zokhala ngati thonje lopanikizidwa, ochindikala masentimita 10, okutidwa ndi nsalu yolola mpweya kudutsa, amagwira ntchito imeneyi bwino, pamene siponji yopyapyala ndi mapepala oikamo mazira zimangochotsa mawu akuthwa n'kusiya besi mmene inalili. Kapeti yochindikala pakati pa inu ndi masipika, makatani olemera pa mawindo ndiponso shelefu ya mabuku kumbuyo kwanu zimathandiza, koma tebulo la galasi patsogolo pa mpando lichoke. Musakute makoma onse, pakuti chipinda chomwa mawu mopitirira chimapha nyimbo. Ombani m'manja kamodzi muli pampando, ndipo ngati simukumva kulira kokhala ngati kwa chitsulo kotsatira kuombako, mwafika pokwanira.

Za ampulifaya, yang'anani manambala awiri a sipika. Yoyamba ndi ya ma dB, muyezo wa kukwera kwa phokoso, amene sipika imatulutsa pa mtunda wa mita imodzi ikapatsidwa wati imodzi, ndipo lamulo lake ndi lakuti kuwonjezera 3 dB kumafuna mphamvu yowirikiza kawiri, motero sipika ya 86 dB imafuna mawati 100 kuti ifike pamene ya 89 dB imafika ndi mawati 50. Yachiwiri ndi ya ma ohm, muyezo wa mmene sipika imatsekerezera magetsi, ndipo sipika ya 4 ohm imakoka magetsi ambiri kuposa ya 8 ohm. Ampulifaya yaing'ono yokakamizidwa kupyola mphamvu zake imawononga mawu ndipo ikhoza kuotcha tweeter. Poyatsa zida, ampulifaya ikhale yomaliza, ndipo pozimitsa ikhale yoyamba. Choseweretsera zimbale za vinyl chisakhale pa shelefu imodzi ndi masipika, chifukwa singano imatola kunjenjemera kulikonse.

Ikafika nthawi yofananiza zida ziwiri, samalani ndi voliyumu. Akatswiri ofufuza za kamvedwe ka khutu, Harvey Fletcher ndi Wilden Munson, anaonetsa mu 1933 kuti khutu limamva besi mochepa voliyumu ikakhala yotsika, kotero chida chomveka mokwera pang'ono chimaoneka ngati chabwino ngakhale chisali chotero. Seweretsani kaphokoso ka 1 kHz (ndiye kuti 1,000 Hz), yezani mavoti potulukira mawaya a masipika, linganizani zida zonse ziwiri, ndipo mnzanu azisinthanitsa inu osaona. Mayeso otere amachepetsa kwambiri chilakolako cha mawaya okwera mtengo, ndipo ine ndimaona kuti waya wa kopa wonenepa bwino ndi wokwanira. Chimodzimodzinso muyezo wa CD wa 16 bit ndi 44.1 kHz, umene makampani a Philips ndi Sony anabweretsa pamsika mu 1982, umafikira malire a makutu a munthu, omwe ndi 20 kHz, ndipo mmene nyimbo inajambulidwira mu situdiyo ndi nkhani yaikulu kuposa kukula kwa failo.

Amene akufuna kuona ndi maso zimene makutu akumva angagwiritse ntchito pulogalamu yaulere ya Room EQ Wizard pamodzi ndi maikolofoni yoyezera, imene imaikidwa pamalo a mutu. Chithunzi chake chimasonyeza pamene besi yatupa ndi pamene yamira. Potupa mungathe kuchepetsa ndi equaliser, chida chokweza kapena kutsitsa mawu amene mwasankha, koma pomira sipadzazika ndi mphamvu, pamafunika kusuntha mpando kapena kuwonjezera subwoofer, sipika ya besi yokhayokha, yolandira mawu a pansi pa 80 Hz. Maikolofoni yomweyo ikuuzaninso kukwera kwa phokoso, ndipo izi n'zofunika chifukwa ndi zida zabwino simumva kupweteka m'makutu ngakhale voliyumu itakwera mpaka kufika powononga makutu. Bungwe la World Health Organization limalangiza akuluakulu kuti asapitirire maola 40 pa sabata pa 80 dB, ndipo nthawi imeneyi imatsika ndi theka pa 3 dB iliyonse yowonjezera.